Mtumbira wa m'munda mwathu

Titabwerera kuchokera ku Zambia nkhondo itatha, tinapeza munda wathu wa kufupi ndi Nsadzo utasanduka tchire, ndipo pakati pake panali mtumbira wa manda. Panalibe mtanda kapena dzina. Tinabwerako atatu, bambo, mayi ndi ine. Achimwene anga tinatayana nawo m'njira pothawa, ndipo za iwo sitinkazitchula pakhomo.

Bambo anali munthu wamakani. Anati munda ndi wathu, a boma ku posto akudziwa, ndipo wakufa wachilendo alibe gawo pa nthaka ya eni ake. Ankafuna kusalaza mtumbirawo mvula isanagwe kuti aungepo mizere.

Ine chinkandiopsa n'china. M'mawa pamandapo pankakhala masamba mbwee, koma tikabwerako kokadya masana tinkapeza pali posesa bwino, modutsa tsache mukuoneka, phazi la munthu ayi. Pambali pake chikho cha madzi chodzaza.

Tsiku lina mantha anagonja ndi chidwi, ndinabisala kuseri kwa chulu. Dzuwa lili paliwombo kunatulukira nkhalamba yoyandikana nafe, imene sinathawe nkhondo. Inaika madzi n'kuyamba kusesa chobwerera m'mbuyo, kufafaniza mapazi ake omwe.

"Agogo, ndi m'bale wanu?" ndinafunsa.

Nkhalambayo sinadzidzimuke n'komwe. "Sindim'dziwa, mwanawe. Anafika pakhomo panga masana ngati ano, mnyamata, milomo itang'ambika, akupempha madzi. Asilikali anali atatiletsa kupatsa mlendo kanthu. Ndinamvera lamulo, ndinatseka chitseko. Kutacha ndinam'peza pano."

"Simunakalape kwa a padiri kutchalitchi?"

"Ndinalapa, anandikhululukira. Koma waludzu sanali a padiri."

Nditawafotokozera makolo, bambo anati nkhalambayo ilibe mlandu, ikanapereka madzi akanaipha, ndiye nafenso tilibe mangawa ndi mandawo. Mayi sanatsutse. Anangofunsa motsitsa mawu, "Nanga mwana wathu uja, inu, ali m'munda mwa yani?"

Mawa lake bambo anasenza khasu, ine pambuyo pawo. Anaunga mizere yowongoka monga mwa masiku onse, koma atafika pamtumbira anaikhotetsa, inalambalala. Mpaka lero mizere ya m'munda mwathu ndi yokhota, ndipo odutsa amatiseka kuti sitidziwa kulima.

Nkhalamba ija bambo sanaifunsepo kuti mnyamatayo ankaoneka bwanji, anavala chiyani. Ndikuganiza kuti yankho lililonse ankaliopa. Inenso sindinafunse, ndipo zimandipwetekabe.

Patapita zaka zingapo nkhalambayo inamwalira, ndinayesa kuti za madzi zathera pomwepo. Sabata yomweyo ndinadutsa pamandapo masana. Panali posesa, chikho chili chodzaza. Koma ulendo uno mapazi analipo, a nsapato za matayala zimene ndinkaziona pakhomo tsiku lililonse. Bambo sanadziwe zosesa chobwerera m'mbuyo.