Ufa wa Ukwati ndi Ndege ya Jekete

Fungo la oyilo wopserera likandilowa m'mphuno, ngakhale lero, ndimaona agogo anga a Zakeyu akulowa m'komboni dzuwa litapendeka, malaya ali bii, manja ali noninoni, akumwetulira ngati munthu amene wachita zazikulu. Ndipo mtima umandiwawa, chifukwa wochapa malaya amenewo ndinali ine. Ndinkanyika, ndinkafikisa ndi phulusa, ndinkamenyetsa pamwala mpaka zala kusupuka, koma Loweruka lotsatira ankabwera nawo ali chimodzimodzi.

Tinkakhala pa pulazi ya fodya kufupi ndi Darwendale, m'masiku a Chitaganya. Agogo, bambo awo a mayi anga, anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, ndipo nthawi ya nkhondo anagwirapo ntchito pabwalo lina pomwe azungu ankaphunzitsirapo anyamata awo kuulutsa ndege. Ntchito yawo inali kupukuta injini, kuzunguza pulopela ndi kuchotsa zipika zotsekera matayala. Zinali zaka zinayi zokha, koma ukawamva akulankhula unkayesa anabadwira m'ndege. Pamaliro, nkhani inali ndege. Potuluka m'tchalitchi, ndege. Munthu akangotsokomola iwo ankatukula chala n'kunena kuti, "Mwamva? Ndi mmene imayambira ikakhala yozizira."

Mwini pulaziyo tinkamutcha Jekete, chifukwa ankavala chijekete chachikopa cha oulutsa ndege ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Iyeyo anaulutsadi ndege kunkhondo, n'kubwerako akutsimphina. Kuseri kwa mabalani a fodya ankasunga chindege chakale cha mipando iwiri, chokhala ndi injini yozungulira ya masilinda asanu ndi anayi, amene agogo ankawatcha miphika. Kwa zaka zitatu chinali chisanalirepo. Loweruka lililonse masana Jekete ankaitanitsa agogo, ndipo awiriwo ankatha tsiku akumasula, akumanga, akukambirana m'Chilapalapa, chilankhulo cha azungu ndi antchito awo, chosakaniza ndi manja, za mmene ankalizira injini zotere kale. Jekete ankasimba zoliza ndege m'chipululu, mchenga uli m'mano, ndipo agogo akafika kunyumba ankatibwerezera nkhani yomweyo itanenepa.

"Wandilonjeza," ankatero. "Ikadzalira, mpando wakumbuyo ndi wanga."

Paja zaka zonse zija pabwalo la ndege, agogo anali asanachokepo pansi.

Chaka chimene ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, mkulu wanga Lute anapeza banja. Mwamuna wake anali Mshona wogwira ntchito kumgodi ku Mutorashanga, ndipo mayi anatsimikiza mtima kuti achibale ake asadzabwerere akunena kuti Anyasalande a m'komboni anawagoneka ndi njala. Tinakonola, tinaviika mphale, tinasinja kwa masiku ambiri. Kutatsala sabata imodzi, tinayanika ufa woyera pa mphasa zisanu kuseri kwa nyumba yathu, imene inali yomalizira pamzere, moyang'anana ndi bwalo la udzu. Mayi anapita ndi Lute kwa Che Asani, telala wa m'komboni, kukayesa diresi. Ine anandisiya kuti ndiziingitsa nkhuku.

Posakhalitsa ndinaona amuna asanu ndi mmodzi akukankha chindege chija kuchitulutsa m'shedi. Anachiimika mchira utaloza kwathu. Ndinapita komweko ndodo yanga ili m'manja, ndipo ndinapeza agogo akuzunguza pulopela pang'onopang'ono, akuwerenga chapansipansi.

"Agogo, tayanika ufa uko."

"Usandisokoneze, mkazanga, ndikuwerenga." Ankandiitana choncho mwanthabwala, monga achitira agogo ndi adzukulu. "Ndege ikagona, oyilo amatsikira m'miphika yapansi. Ukaliza usanazunguze, wathyola chitsulo cham'kati. Anyamata ambiri anaononga injini chifukwa cha phuma."

"Ndiye ndianule?"

"Lero ilira."

Mawu amenewo ndinali nditawamva Loweruka lililonse kwa zaka zitatu. Ndinabwerera kukakhala pamthunzi.

Jekete anakwera. Agogo analowetsa handulo m'mbali mwa injini n'kuyamba kupukusa, poyamba movutikira, msana wonse ukugwira ntchito, kenako mofulumira, mpaka m'kati munayamba kulira kanthu konga udzudzu waukulu. Anazula handulo n'kudumphira kumbuyo. Injini inatsokomola kamodzi, kawiri, n'kulavula utsi wobiriwira. Ndinadikira kuti izime monga mwa masiku onse. Siinazime. Inabangula mpaka nthaka kunjenjemera pansi pa mapazi anga, ndipo Jekete, chifukwa cha chisangalalo, anaiwonjezera moto.

Mphepo inafika ngati khoma. Ndinaona ufa ukunyamuka pa mphasa yoyamba, kenako yachiwiri, ukukwera m'mwamba pamodzi ndi fumbi lofiira, zinyalala ndi nthenga za nkhuku. Ndinadzigwetsa pa mphasa imene inali pafupi, manja ndi miyendo nditatambasula, ndikukuwa mawu amene ngakhale ine sindinkawamva. Mphasa ziwiri zinakakodwa pamtengo wa mango. Udzu wa denga la khitchini unapita theka. Injini itazima, komboni yonse inali mbuu, ndipo ufa umene unatsala unali wokhawo umene ndinaugonera, wosakwana ndi lichero lomwe, nawonso wamchenga.

Mayi anafika akuthamanga. Anayang'ana mphasa, anayang'ana ine, n'kutola ndodo yanga yoingitsira nkhuku. Asanandikwapule, agogo anatulukira n'kuigwira ndodoyo.

"Mwanayu usamumenye," anatero. Mtima wanga unakhala pansi. Kenako anawonjezera kuti, "Komabe ndinamuuza kuti lero ilira."

"Mwakhala mukunena zimenezo zaka zitatu, Bambo."

"Ndiye lero ndanama?"

Mayi anakhala pansi pafumbi pomwepo. Agogo anakhala pambali pawo, ine n'kumayesa akufuna kupepesa. Anayamba kufotokoza kuti vuto lonse linali kawaya kamodzi kamene makoswe anadya.

Sabata imeneyo tinasinjanso kuyambira pachiyambi, matuza ali m'manja. Amayi a m'komboni anabwera aliyense ndi mbale yake ya ufa, ndipo akazi awo a Che Asani anabweretsa mpunga umene ankasungira chikondwerero chawo. Mayi anapempha agogo kuti akauze Jekete zimene ndege yake inachita, mwina n'kutipatsako chimanga.

"Sabata ino ali ndi zambiri m'mutu," anayankha agogo. "Loweruka tikuuluka."

"Loweruka ndi ukwati wa mdzukulu wanu."

"Tidzauluka m'mawa. M'mwamba si kutali."

Amalume onse anali kumudzi ku Nyasalande, choncho wolankhulira banja lathu pamaso pa akuchimuna anali agogo. Tsikulo litafika, alendo a ku Mutorashanga anatsika m'lole, belu la tchalitchi linalira, koma agogo sankaoneka. Mayi wina wakuchimuna anafunsa mwaulemu m'Chishona kumene kunali agogo, amvekere, "Ko sekuru varipi?" Lute anayamba kulira mwakachetechete. Mayi anandiyang'ana, ine n'kuliyatsa liwiro la kubwalo.

Ndinawapeza atavala malaya oyera a ukwati, amene ndinasita ndekha ndi simbi yamakala, kutsogolo kwake kutadontha kale oyilo. Anali atapesa tsitsi, nsapato atapukuta. Pambali pa Jekete panali mzungu wina wachilendo wochokera ku Halale, amene ankazungulira ndegeyo akugogoda apa ndi apo. Ndinamva pambuyo pake kuti anabwera kudzaigula.

"Agogo, anthu akudikira. Lute akulira."

"Ima uko, kutali ndi pulopela."

Anamaliza kuzunguza, n'kupukuta manja pa thalauza, n'kuyandikira phiko kuti akwere. Mlendo uja anawadutsa, n'kuponda pamene iwo amati aponde, n'kukhala pampando wakumbuyo. Jekete sanawayang'ane kumaso. Anangoloza handulo.

Ndinayesa agogo aitaya pansi. Anaitola, n'kupukusa monga kale, thukuta likutsikira m'kolala. Injini italira anawerama pansi pa phiko, anakoka zipika za matayala, n'kutukula dzanja kupereka chizindikiro. Ndege inathamanga pa udzu, inanyamuka, inadutsa pamwamba pa mabalani, ndipo sinabwererenso.

Mkwiyo wa sabata yonse unaphulika, ndipo ndinawakalipira agogo. "Wakunamizani! Zaka zitatu, ufa wathu, denga lathu, ndiye mukumutukuliranso dzanja?"

Anaima zipika zili m'manja, mutu atapendeketsa.

"Khala chete," anatero motsitsa mawu. "Tamvera. Miphika yonse isanu ndi inayi ikuyankha. Palibe ndi umodzi womwe ukuphonya."

Tinaima pomwepo mpaka kulira kuja kutatheratu. Kenako anaika zipika pansi mosamala, moyandikana, n'kunditsata.

Kutchalitchi tinafika mochedwa, ndipo anthu onse anatembenuka kuona banga la pamalaya. Agogo analankhula bwino kwa kanthawi, akuyamikira akuchimuna ndi kulangiza Lute. Kenako anauza mkwati kuti banja lili ngati injini yozizira, silifuna phuma, ndipo anafotokoza za oyilo wa m'miphika yapansi mpaka abusa anayambitsa nyimbo. Chakudya chinakwana. Za mpando wakumbuyo sanazitchulenso mpaka imfa yawo, ndipo Jekete akamadutsa pa galimoto agogo ankamuvulirabe chipewa. Chimenecho sindinawakhululukire msanga.

Ine ndege ndinadzakwera nditakalamba kale, mwana wanga atandigulira tikiti yopita ku Lilongwe kukaona kwawo kwa makolo. Ndinakhala pawindo, ndikudikira kutsokomola ndi utsi. Panalibe munthu wozunguza kanthu. Injini zinangoyamba kulira zokha, mosalala ngati filiji, ndipo ndinakwiya kwambiri moti ndinatembenukira kwa mtsikana amene anakhala pambali panga n'kumuuza kuti imeneyi si injini. Ndinamufotokozera za handulo, za oyilo, za kawaya kodyedwa ndi makoswe. Anandimvera mwaulemu kwa kanthawi, kenako anatseka maso n'kumanamizira kugona. Ndinadziwa kuti akunamizira, koma ndinapitiriza mpaka tinatera.