Agogo Ankathirira Gitala

Ndikakumbukira agogo anga Abiti Selemani, ndimamva fungo la dothi lonyowa pakati pa chilimwe, nthawi imene Mandimba yense amakhala atauma gwa, fumbi la mumsewu litakuta masamba a mango, mbuzi zikupumira m'mwamba pansi pa nkhokwe, koma pambali pa khonde lathu pali kamalo kamodzi konyowa, kozungulira chitsulo chokhomedwa pansi. Pamenepo ndi pomwe agogo ankathirira tsiku ndi tsiku nthawi ya swala ya alasiri, pemphero lathu la Chisilamu lija timachita dzuwa litapendeka. Panalibe tomato, panalibe mpiru. Agogo anga ankathirira gitala.

Sekani ngati mukufuna, a kwathu anaseka kale mpaka anatopa.

Agogowo anali mayi wamfupi koma wa mawu a munthu wamtali. Ankagulitsa usipa ndi zitenje, zimene kwathu timati makapulana, pamsika, ndipo wowanenerera mtengo mwachipongwe ankabwerera kwawo atasambitsidwa chokweza. Swala sankaphonya ngakhale malungo awagwire. Ine ndinaleredwa ndi iwo, mayi anga atapita kukagwira ntchito ku Lichinga.

Gitalayo anaigula ku Cuamba magetsi atangofika m'dera lathu, m'sitolo yogulitsanso mabeseni ndi matochi. Inali yofiira psu, yopepuka ngati chikho, khosi lake lopindika pang'ono, ndipo dzuwa likatentha mawaya ankamasuka okha, nyimbo n'kumalowera kwina. Waya wina ataduka anaikapo wa buleki ya njinga. Inabwera ndi kabokosi kakuda kokuzira mawu, kamene anyamata ankati ampu, koma agogo ankakatcha Apongozi. "Sasiya kung'ung'udza," ankatero, "ngakhale palibe wawalakwira."

Sankanama. Ukangokalumikiza kumagetsi kankayamba mmmmm, ngati njuchi zatsekeredwa m'chitini, ndipo nthawi zina mawaya a gitala ankaluma zala, agogo n'kudumpha akukalipa m'Chiyao. Mnyamata wina wokonza mawailesi, dzina lake Jafali, ndiye anawapatsa nzeru yokhoma chitsulo pansi ndi kumanga waya kuchokera kubokosi kukafika pachitsulocho. Zinathekadi. Dzinja lonse Apongozi anatseka pakamwa. Koma dothi litauma kung'ung'udza kunayambiranso, ndipo mankhwala ake anali madzi basi.

Tsono madzi a chilimwe kwathu si nkhani yamasewera. Mjigo unkatulutsa modontheza, amayi ankakhala pamzere kuyambira mbandakucha, ndiye wina atenge chidebe chathunthu akakhuthulire pachitsulo! Anthu ankagwira pakamwa.

"Abiti Selemani, ikabala mutigawireko mbewu!" ankakuwa mayi wina kuseri kwa mpanda.

Agogo osatembenuka n'komwe. "Inu mwathirira amuna anu zaka zonsezi, abala chiyani?"

China chimene ankasekedwa nacho n'chakuti ankadziwa nyimbo imodzi yokha, nayonso yodukaduka. Ankakhala pakampando, mpango uli kumutu, bokosi atalilozetsa kumsewu waukulu kumene machapa, maminibasi a ku Cuamba, ankatsitsira anthu. Ankaliza kachigawo kafupi kokwera m'mwamba ngati munthu akufunsa, kenako n'kugwira mawaya ndi chikhatho, zii, mutu utapendekeka. Akadikira pang'ono ankaliza kachigawo kena, n'kukhalanso zii. Anyamata a njinga zakabaza ankati gogo uja anagula theka la nyimbo, theka linalo linatsala m'sitolo. Koma ine, abale, mawu aja akatuluka m'kabokosi kaja, akuthwa, onjenjemera, n'kuwoloka msewu mpaka kukagunda malata a chigayo ndi kubwerera, ndinkasiya chilichonse n'kumangomvetsera. Sindinkamvetsa kuti zala zomwe zija zonunkha usipa zingatulutse chinthu chachikulu choncho. Ndinkawaopa agogo anga, ndipo ndinkawanyadira koopsa.

Chifukwa chake ndinachidziwa tsiku lina ndikuwapaka mafuta m'zala, pakuti nyamakazi inali itayamba kuzitupitsa. Ndinafunsa kuti bwanji osaphunzira nyimbo yathunthu.

"Nyimboyi si yoduka," anatero. "Ndi ya anthu awiri."

Ali ana ku Ngauma, kufupi ndi Massangulo, iwo ndi mlongo wawo wamng'ono Amidu ankalondera anyani m'minda iwiri yoyang'anizana, pakati pali khwawa. Amidu anapanga mabanjo awiri a zitini za mafuta. Wamkulu akaliza kutsidya lino, wamng'ono ankayankha kutsidya linalo, kuti aliyense adziwe kuti mnzake ali bwino. Anakula nayo nyimboyo. Nkhondo itafika m'mudzi mwawo, Amidu anali atapita ku Cuamba kukagulitsa fodya. Agogo anathawira ku Malawi, mwana kumsana, wina kumanja. Atabwerera anafunsa paliponse, m'mizikiti, m'misika, pasiteshoni ya sitima, koma panalibe amene anamuona, kaya wamoyo kaya manda ake.

"Munthu amasintha nkhope, mano amagwa, ngakhale dzina amasintha," anatero agogo. "Koma akadutsa pamsewu uwu, mbali yake aidziwa."

"Nanga madzi aja?"

"Iwe Zainabu, mutuwo ndi wongosenzera ndowa? Apongozi akamang'ung'udza m'mipata muja, munthu atayankha ndingamve bwanji? Ine sindithirira nyimbo. Ndimathirira paja ndimakhala chetepo."

Amene zinkawawawa kwambiri anali malume Yusufu, mwana wawo woyamba, munthu waulemu wake kumzikiti. Tsiku lina anabwera atavala mkanjo woyera, anakhala pamphasa, anayamba modzichepetsa.

"Amayi, anthu akutiseka. Shehe wandifunsa kale za gitalayi. Malume Amidu anatisiya kalekale, tiyeni tingowachitira sadaka mitima ikhale pansi. Komanso taonani zala zanuzo."

"Maliro ake unawaona iwe?"

"Ayi amayi, koma..."

"Shehe ukamuuze kuti ndimasiya azana yoitanira anthu ku swala isanamveke. Za Amidu zimusiye."

Koma za zala malume sananame. Zinali zitapindika, ndipo nthawi zina pakati pa nyimbo chala chinkangokana, mawu n'kutuluka ophwanyika, agogo n'kumenya bondo lawo mwaukali misozi ili lengelenge. Ine ndinkaopa kuti zala zitha yankho lisanabwere. Nawonso ankadziwa, chifukwa malume atabweranso kachiwiri, agogo anayang'ana manja awo nthawi yaitali n'kunena kuti, "Chabwino. Mvula yoyamba ikagwa ndisanamve kanthu, chitani sadaka yanuyo. Gitalayi mupatse ana."

Kuyambira pamenepo ndinkadana ndi mitambo. Anthu onse ankapempha mvula, ine ndekha ndinkaikana mumtima.

Tsiku limene sindidzaliiwala kunatentha mochita kuwawula, kumapiri kutada, bingu likumveka chapatali. Mjigo unali utawonongeka, m'nyumba mutangotsala madzi akumwa. Ndinkaganiza kuti lero Apongozi apambana. Koma agogo anatenga kaketulo kawo kosambira pokonzekera swala, anakanjuta pachitsulo pomwepo, n'kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi, madzi onse akugwera pachitsulocho. Ataswali analumikiza bokosi, ndipo linali chete. Pamsewu chapa yochokera ku Cuamba inali itaphulika tayala, anthu atatsika n'kukhala pansi pa mango kutsidya.

Agogo analiza kachigawo koyamba, anagwira mawaya, zii.

M'kachetechete mmenemo munamveka mawu aang'ono a munthu wamkazi, "ndee-nde, nde-le-lee," otsika pansi, akulowa ndendende pampata paja.

Agogo anauma. Sanadzutse mutu. Analiza kachigawo kachiwiri, n'kugwiranso mawaya. Mawu aja anayankhanso. Anapitiriza choncho, gitala kufunsa, mawu kuyankha, mpaka kumapeto, ndipo aka kanali koyamba kuti ndiimve nyimboyo yathunthu. Kukoma kwake, Mulungu wanga! Ngakhale anyamata akabaza, oseka aja, anangoti kakasi atagwira njinga zawo.

Kenako agogo anadzambatuka opanda nsapato, gitala ili pakhosi, chingwe chinazuka, Apongozi anagwa chadodolido, iwo osacheuka. Ndinawathamangira pambuyo. Pansi pa mango panali mayi wachitsikana akugwedeza mwana kumsana.

"Nyimbo imeneyi waitenga kuti?" anafunsa agogo akupumira m'mwamba.

Mayiyo anachita mantha. "Pepani mayi, sindimadziwa kuti ndikumveka, ndimangotonthoza mwanayu. Ndi ya bambo anga. Amaiimba pabanjo, koma yawo ndi yodukaduka, amaliza pang'ono n'kukhala chete. Ifetu timawaseka."

"Bambo akowo ali moyo?"

"Ali moyo, maso okha ndiwo anafa."

"Dzina lawo?"

"Amidu Selemani."

Agogo anga, mayi woopedwa msika wonse, anakhala pansi pafumbi, miyendo tambalale, n'kulira mokuwa gitala ili pamiyendo. Mayi uja sanakwerenso chapa, anagona kwathu. Mvula inagwa mawa lake.

Tinanyamuka atatu pamodzi ndi mayiyo, ine, agogo ndi malume Yusufu. Agogo anakana kusiya Apongozi, ndipo amene anawanyamula pamiyendo ulendo wonse, mkanjo woyera ukuda ndi fumbi, anali malume omwewo. M'njira mayi uja anatiuza kuti bambo ake anamva kuti mudzi wawo unatenthedwa ndipo palibe anapulumuka. Sadaka ya mlongo wawo anachita kalekale.

Mudzi umene bambo akewo ankakhala unali kuseri kwa Cuamba, kotsika chapa n'kuyendanso wapansi, ndipo magetsi kunalibe. Bokosi lija tinangolitula pansi pa mtengo. Pakhonde panali nkhalamba yowonda, ndevu zoyera, ikupota chingwe cha khonje, banjo ya chitini itatsamira khoma. Agogo anatiloza ndi chala kuti wina asayerekeze kulankhula. Anakhala pamphasa pafupi nayo, n'kuliza gitala yopanda magetsi, timawu take tating'ono ngati ta udzudzu, kenako anagwira mawaya.

Chingwe chinagwa m'manja mwa nkhalambayo. Dzanja lake linayamba kupapasa khoma mpaka linapeza banjo. Inayankha. Agogo analizanso, iyo inayankhanso, misozi ikutsika m'maso osaona aja n'kulowa m'ndevu. Sanafike nayo kumapeto.

"Asiyatu?" inatero nkhalambayo.

Ine dzina limenelo ndinali ndisanalimvepo. Sindinkadziwa n'komwe kuti agogo anga ali ndi dzina lawolawo, la paubwana.

"Anyani amaliza chimanga, iwe uli kuti?" anatero agogo. Anamugwira mutu ndi manja onse awiri, akumusisita ngati khanda, kenako anafwenthera m'mpango n'kuwonjezera kuti, "Ndipo waya wachiwiriwo wamasuka. Zaka zonsezi sunaphunzirebe kumanga?"

Agogo Amidu tinabwera nawo ku Mandimba. Madzulo aliwonse ankakhala mbali ina ya khonde, agogo mbali inayo, ndipo machapa ankachedwa kunyamuka chifukwa anthu ankakana kukwera nyimbo isanathe. Mayi wa kuseri kwa mpanda uja ndi amene anayamba kubweretsa madzi othirira. Jafali anayesa kulumikiza banjo ija kubokosi, koma agogo Amidu anakana, amvekere mlongo wanga ali pompa, ndikuwirenji?

Agogo Amidu anakhala nafe mpaka Mulungu anawatenga, ndipo ulendo uno sadaka inachitika manda tikuwaona. Ndinkaganiza kuti gitala ipachikidwa. Koma masiku a maliro atatha ndinawapeza agogo atanjuta pachitsulo paja ndi kaketulo kawo. Zala zinali zitatheratu, ankangokhoza kachigawo koyamba kokha, koma pampata paja ankapendeketsabe mutu.

"Agogo, nanga pano mukudikira ndani?"

"Sindikudikira," anatero. "Pano ndikudziwa mmene amayankhira. Ndikungomupatsa malo ake."

Lero ndine mayi wa ana anga, ndimakhala ku Cuamba, ndipo gitala yofiira ija ili ndi ine, waya wa buleki uli pomwepo. Apongozi anapsa kalekale. Ndinagula ena otchipa, nawonso ndi ong'ung'udza, mtundu wake ndi womwewo, moti bambo a kunyumba anachita kundikhomera chitsulo kuseri kwa khitchini. Loweruka timakumana ndi anzanga angapo n'kumaimba zathu zosalongosoka, koma ndikakhala ndekha ndimathira madzi pachitsulo, n'kuliza mbali ya agogo yokha, mipata n'kuisiya. Mbali zonse ziwiri ndimazidziwa, koma inayo si yanga. Oyandikana nafe ayamba kale kufunsa kuti ibala liti.

Mwezi wathawu ndinaliza kachigawo koyamba, ndinagwira mawaya, zii. Kuseri kwa nyumba, kumene mwana wanga Asiyatu ankatsuka mbale, kunamveka "ndee-nde, nde-le-lee." Sindinamuphunzitsepo. Ndinakhala chigwirire mawayawo, kulephera kupitiriza, mpaka anakuwa kuti, "Amayi, tiyeni nayotu, ndikudikira!"