Ndinawalanda chingwe a Namakhwa

Sabata ino ndikulemba nditapanira cholembera pakati pa zala ziwiri ngati ndudu, chifukwa zikhatho zanga zonse zasupuka. Anzanga kuofesi ndawauza kuti ndinapsa ndi poto. Inu owerenga ndikuuzani zoona, ngakhale zoonazo zikundichititsa manyazi.

Kwathu ku Machinjiri mpopi wakhala ukutulutsa mphepo yokhayokha chiyambireni dzuwa lino. Mayi akunyumba atatopa ndi kulawirira kumjigo, tinagwirizana zokumbitsa chitsime kuseri kwa nyumba. Anthu anatilozera kwa a Namakhwa a ku Bangwe, bambo wachikulire, wochepa thupi, amene akhala akukumba zitsime chichokereni kwawo ku Phalombe.

A Namakhwa amagwira ntchito okha. Pamwamba pa dzenje anaimika mitengo itatu ya bulugamu, kuimanga pamodzi kunsonga, n'kupachikapo kagudumu kachitsulo. Chingwe chimadutsa pa kagudumuko, mbali zonse ziwiri n'kulendewera m'dzenje. Kumbali imodzi anamangirira kathabwa kokhalapo, mbali inayo amaigwira m'manja. Akadzaza ndowa ndi dothi pansipo, amakhala pa kathabwa n'kuyamba kudzikoka, dzanja ili dzanja ilo, mpaka mutu kutulukira pamwamba. Akatero amakoka ndowa ija ndi chingwe chake china, kukhuthula, n'kutsikanso. Tsiku lonse ntchito yake ndi imeneyo.

Loweruka ndinali pakhomo, nditakhala pansi pa mtengo wa mango ndi nyuzipepala. Amayi oyandikana nafe anabwera kudzaona ngati dothi layamba kunyowa. Mmodzi anawomba m'manja n'kunena kuti, "Koma bambo awa ndi amuna! Kudzikoka okha chonchi?"

Mawuwo anandilasa, ndisaname. Ndinadziyang'ana, ine wa thupi langa lodya bwinoli, ndipo ndinayang'ana timikono ta a Namakhwa. Ndinapinda nyuzipepala n'kupita pa dzenje. Iwo anali pakatikati, akukwera. Ndinagwira mbali ya chingwe imene ankakokayo, pamwamba pa manja awo.

"Madala, siyani chingwechi ndikukokeni ine. Mwatopa."

"Ayi bwana, zikomo, ndinazolowera. Musavutike."

"Ndati siyani! Inu ndi kathupi kanuko mukukwanitsa, ndiye ine ndilephere?"

Anandiyang'ana kuchokera m'dzenjemo kanthawi ndithu. "Mwagwiritsa, bwana?"

"Shuwa."

Anasiya.

Chingwe chinandikoka ngati ndagwira ng'ombe yolusa. Chinathamanga m'manja mwanga chikutentha, ndipo ine ndinachitaya. Kagudumu kanalira, amayi anakuwa. Mwamwayi a Namakhwa anachiwakha chingwe asanafike pansi, koma bondo lawo linali litamenya kale mwala wa m'khoma. Ndipo mukudziwa amene anawatulutsa? Anadzikoka okha, bondo likuchucha magazi, ine nditaima pambali ndikuuzira m'zikhatho.

Safunsa anadya phula. Ndikadafunsa, akadandiuza zimene anandiuza pambuyo pake, mayi akunyumba akuwamanga bala ndi nsalu.

"Bwana, chingwe chija chimandigwira pawiri. Chimandigwira pa kathabwa, chimandigwiranso m'manja. Ndikamakoka ndimapepuka pokhalapo. Ndiye ine ndimangonyamula theka la Namakhwa. Inu munanyamula Namakhwa yense."

Ndi zomwezo basi. Munthu wolemera makilogalamu sikisite akamadzikoka motere, manja ake amamva makilogalamu sate okha, chifukwa kulemera kwake kwagawika pa mbali ziwiri za chingwe. Chaulere palibe, popeza kuti akwere mita imodzi amayenera kukoka mamita awiri a chingwe, koma ntchito yotere ngakhale wokalamba amaitha. Wina wapambali akangomulanda chingwecho, sikisite yonse imagwera m'manja mwa wolandayo nthawi imodzi.

Chondipweteka n'chakuti zimenezi ndinaziphunzira. Ndili Fomu 3 ndinajambula kagudumu ndi chingwe m'kope, timivi tiwiri titaloza m'mwamba, ndipo mayeso ndinakhoza. Satifiketi yake ili m'felemu pabalaza panga. A Namakhwa sukulu analekeza Sitandade 2. Nanga wophunzira ndani pakati pa ife awiri?

Chichitikireni izi ndakhala ndikuona zingwe paliponse.

Chibwerereni matipate, tauni ino yadzaza ndi othandiza. Aliyense wofuna mpando, aliyense wa galimoto ya mawilo akuluakulu, mawu ake ndi aja anga omwe: siyani, ndikukokeni ine. Ndikudziwa dera lina, sinditchula, kumene anthu ankakonza okha mlatho wawo wa mitengo chaka chilichonse mvula isanagwe. Sunali wokongola, koma ana ankawolokerapo popita kusukulu. Kunabwera wina nthawi ya kampeni n'kuwaseka kuti anthu a m'tauni sayenda pa mitengo, awamangira wa simenti. Anthu anasiya. Mitengo inawola, simenti sinabwere, ndipo lero mvula ikagwa ana amabwerera pamtsinje.

Sindikunena kuti munthu ameneyo anali wabodza. Mwina anali ngati ine. Anaona anthu osauka akunyamula katundu mooneka mopepuka, n'kuganiza kuti katunduyo ndi wopepukadi. Sanadziwe kuti eni akewo anapeza kale njira yomugawira pawiri.

Koma pali funso lina limene likundisowetsa mtendere kwambiri. A Namakhwa ankadziwa bwino lomwe chimene chichitike. Anasiyiranji chingwe?

Anakana kamodzi. Nditakweza mawu, anasiya. Ndife anthu amene kwa zaka zambirimbiri tinaphunzitsidwa kuti wovala tayi sayankhidwa kawiri. Lero tikuti tili ndi ufulu wolankhula, timauimba ndi pawailesi pomwe. Koma m'dzenje muja, bambo wa msinkhu wa bambo anga anasankha kugwa kusiyana n'kundiuza pamaso pa amayi kuti bwana, simukudziwa chimene mukuchita. Anateteza ulemu wanga popereka bondo lawo. Manyazi anga enieni ali pamenepo.

Lachitatu nditaweruka ndinakwera minibasi ya ku Bangwe kukawaona. Ndinawapeza pakhonde, mwendo utawongoledwa pa mpando, bondo litatupa. Kuchipatala anawauza kuti fupa silinathyoke, koma asatsike m'dzenje kwa milungu ingapo. Musaiwale kuti uno ndi Okotobala. Wokumba zitsime amadyera miyezi ya dzuwa yomweyi, mvula ikangogwa ntchito yatha mpaka chaka chamawa. Makomo awiri ku Chilomoni amene ankawadikira apeza kale munthu wina.

Ndinali nditakonza mawu opepesa njira yonse, koma iwo ananditsogolera.

"Manja aja ali bwanji, bwana? Pepanitu, chingwe changa n'chokalipa."

Ndinafuna nthaka itandimeza. Ndinawauza kuti wolakwa ndine, kuti ndinkangofuna kuwathandiza. Anaseka pang'ono, akusisita bondo. Kenako, mwina poona kuti pano tili pakhomo pawo osati panga, analankhula chimene sanalankhule Loweruka.

"Kuthandiza n'kwabwino, bwana. Koma ndowa ija ya dothi imafuna munthu wokoka pamwamba. Mukadagwira imene ija, ine sindikadamakwera n'komwe. Masiku folo onse inali pomwepo."

Inalidi pomwepo. Ndinkaiona m'mawa popita kuntchito, ndipo Loweruka lija ndinaiyang'ana tsiku lonse ndili pansi pa mango. Kungoti ndowa ya matope imadetsa buluku, ndipo palibe mayi amene amawombera m'manja munthu wokhuthula dothi.