Mphesa pa Magalagadeya

Ku Jumeirah kuno ku Dubai, chaka chija mliri wa korona unatitsekera m'nyumba, bwana wanga anapenga ndi minda ya mphesa. Ndege zinali zitaima, ndipo ngakhale kupita kugolosale unkayamba wapempha chilolezo pafoni. Anthu ena mliri unawaphunzitsa kupemphera. Bwana wanga unawaphunzitsa kugula mapiri. Madzulo ankakhala pasofa ndi madamu, foni italumikizidwa ku TV, ndipo kutali uko kudziko lozizira mwamuna wa jekete ankayenda ndi foni yake kuwaonetsa nyumba zogulitsa: khonde lamiyala, chipinda chapansi pa nthaka chodzaza migolo ya vinyo, mizere ya mipesa yotsetsereka mpaka kumtsinje. Madamu ankangowomba m'manja, akusakaniza ndi Chiarabu chawo, "Yalla, habibi, tiyeni wokondedwa, tigule iyoyo!"

Ine ndalera ana a eni m'nyumba muno pamene adzukulu anga akukulira ku Bvumbwe, ndipo anzanga mukundidziwa, sindikhulupirira munthu. Nsomba ndimainunkhiza ngakhale ili m'pepala lomata. Tsiku lina ndikubweretsa tiyi, wa jekete uja anayandikiza foni pa tsango la mphesa zakuda, zonyezimira ngati azipaka mafuta. Phwete linanditulukira m'kati mwa masiki, makapu n'kuyamba kulira pathireyi. Madamu anaganiza kuti ndi chifuwa cha korona, anathawira kuseri kwa sofa. Sindikanatha kuwafotokozera. Koma inu ndikuuzani.

Ndinakulira ku Thyolo, kuseri kwa nyumba ya mzungu wamkazi, wamasiye, amene tonse tinkangomutchula kuti Dona. Nyumbayo inali pamwamba pa chitunda, tiyi atazungulira mbali zonse ngati bulangete lobiriwira, ndipo chiperoni chikagwa ndi nkhungu yake unkaona denga lokha likuyandama. Bambo anali gadeniboyi, ngakhale anali ndi imvi. Tinkakhala m'kanyumba ka zipinda ziwiri pafupi ndi thanki la madzi. Kwina tinalibe. Makolo a bambo anachoka ku Mozambiki bambo ali kumsana, anathera moyo wawo pa minda ya azungu, ndipo panalibe mudzi umene tikanafika n'kunena kuti uwu ndi munda wathu.

Nditakula pang'ono, msinkhu wotha kusenza ndowa osataya madzi, Dona anaganiza zobwerera kwawo. Ogula anali awiri. Kampani ya tiyi yoyandikana nafe inkafuna malo okha: kugwetsa kanyumba kathu, kuzula maluwa, kubzala tiyi mpaka pakhomo. Wina anali Mmalawi, a Likongwe, mwini malole ku Limbe, amene mbiri inkamveka kuti amalota nyumba yapaphiri yokhala ndi mphesa zake, azipanga vinyo wakewake ngati azungu. Amenewa akanafuna gadeniboyi. Mayi anasiya kudya sabata yonseyo. Kugula kwa a Likongwe ndiko kunali denga lathu.

Vuto linali limodzi. Dona anali atawauza kale a Likongwe kuti mpesa wa pakhonde umabereka. Mpesawo unalipodi, mwamuna wake anaubzala kalekale, koma chinyontho cha ku Thyolo chinaukana. Unali kamtengo kopindikapindika, ka masamba owerengeka achikasu, ngati nkhuku yachitopa. Chibadwire changa sindinauonepo ndi chipatso.

Dzulo lake la tsiku loonetsa nyumba, Dona anabwera kuchokera ku Blantyre ndi bokosi la mphesa za ku Joni ndi mpukutu wa ulusi wobiriwira. M'mawa anawauza bambo kuti amangirire matsangowo pampesa, iye n'kulowa m'nyumba kukayang'anira okolopa. Bambo anali ndi miyala ya mumsewu yoti aipake laimu, kapinga woti atchetche, ndiye ntchito ya mphesa anatipatsa ine ndi mng'ono wanga Esinati, poti zala zathu zinali zazing'ono. Anangoti, "Mumange bwino, ulusi usaoneke. Mukadya, ndikusendani."

Anzanga, mphesa tinkangozimva kutchalitchi. Titatsegula bokosi tinagwada ngati tikupemphera. Zinali zozizira, zokhala ndi kafumbi koyera pakhungu, ndipo fungo lake linkatekenya kumbuyo kwa lilime. Esinati anati imodzi yagwa yokha. Ine ndinati nanga yogwa yokha tingaimange bwanji? Inaphulika m'kamwa mwanga, madzi otsekemera n'kutsikira kukhosi, ndipo ndinaona dziko likuzungulira. Kuyambira pamenepo mphesa zinayamba kugwa zokha kwambiri. Tinkathyola za kumbuyo kwa tsango, mbali yoti iyang'ane kukhoma, tikuseka chamumtima mpaka misozi, wina kutseka mnzake pakamwa ndi dzanja lomata.

Kenako tinayang'ana mpesa uja. Tinayesa tsango limodzi, ulusi unkaonekera patali, kanthambi n'kuwerama ngati kathyoka. Ndipo kunena zoona, zinatichititsa manyazi. Zipatso zokongola chonchi pa chitsa chodwala? Chapafupi pomwepo, pa mpanda wopita kukhitchini, panali magalagadeya a bambo, oyanga bwino, masamba akuluakulu obiriwira, nawonso okhala ndi tizingwe topotana tokwerera. Ine monga wamkulu ndinagamula kuti mlendo wolemera ayenera kuona mphesa pa chomera chaulemu. Tinamanga matsango onse pamenepo, bwinobwino, pakati pa magalagadeya aawisi amene ankalendewera ngati mazira. Ulusi sunkaoneka ngakhale pang'ono. Titabwerera m'mbuyo kuti tione, tinagwirana manja n'kuvina. Munda wa Edeni unachepa.

Galimoto la a Likongwe linafika dzuwa lili paliwombo, lakuda, lalitali, lowala. Anatuluka mwamuna wamfupi wa suti yotuwa ndi chipewa cha nthenga. Ife tinabisala kuseri kwa thanki. Dona anawayendetsa m'zipinda, kuwaonetsa pootchera moto, bafa, mawindo oyang'ana ku Mulanje, mpaka anatulukira pakhonde akulankhula Chichewa chake chopotoka, dzanja lili m'mwamba kuloza mpesa. Dzanjalo linauma m'malere. Mpesa unali mbulanda ngati kale. Anatembenuka, n'kuona mpanda. Nkhope yake inafiira ngati phwetekere, ndipo bambo anali ataima poteropo chipewa chili m'manja.

Chimene palibe anatiuza n'chakuti a Likongwe, asanakhale ndi malole, anathyola mphesa zaka zambiri m'minda ya ku Kepu, ku Joni. Anapita pampanda mwakachetechete, manja kumbuyo. Anayang'ana tsamba, anayang'ana galagadeya, anayang'ana tsango. Analitembenuza n'kupeza kumbuyo kuli timitengo tokhatokha. Anathyola mphesa imodzi, kuitafuna, kenako anasolola ulusi wautali n'kuukulunga pachala pang'onopang'ono. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Kuseka kwawo kunali kwa munthu amene wakhala akukusunga zaka, anagwira mpanda, chipewa chinagwa, anakhala pansi pa kapinga ndi suti yomweyo.

"Achimwene," anatero kwa bambo, akupukuta misozi, "ine ndatha nsapato ku Kepu, koma magalagadeya obereka mphesa ndawaonera kuno. Feteleza wake mumagula kuti?"

Bambo anangoti, "Pepani bwana, ndi ana."

"Aitaneni akatswiriwo."

Tinatuluka milomo ili yofiirira, madiresi ali madontho okhaokha. Esinati anayamba kulira, ine n'kuyamba kuseka, kuseka kosaletseka kuja kobwera pamaliro, ndipo a Likongwe atandiona anayambiranso. Dona yekha ndiye anali chiimire ngati mtengo wa bulugama.

A Likongwe analowa ndi Dona m'nyumba kukakambirana, ulusi uja ukadali pachala, ndipo ndikukhulupirira kuti unawathandiza kutsitsa mtengo, chifukwa Dona potuluka sanatiyang'ane. Ife panja tinkangodikira, mayi atagwira pamtima. A Likongwe anaima pa masitepe n'kunena mokweza, kuti ndi akukhitchini omwe amve, "Nyumba ndagula. Koma gadeniboyi ndi ana ake ali m'kati mwa mtengo. Anthu oterewa sungawasiyire kampani." Mayi analuluta mpaka agalu a Dona anathawa.

Pochoka, galimoto lowala lija linakana kulira. Dalaivala anatinong'oneza kuti ndi lobwereka kwa Mmwenye wina ku Limbe, ndipo batire lake ndi la pa lole. Tinalikankha ife tomwe, ine, Esinati, bambo ndi akhukhi, kutsetsereka chitunda chonse, a Likongwe akutibayibitsa ndi chipewa pawindo. Ndinagwa chafufumimba m'fumbi ndikuseka. Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti pa malonda a nyumba aliyense amabwera ndi ulusi wake.

Bambo sanatisende. Anakhala pamalopo mpaka imfa yawo, ndipo ine ndinakwatiwira m'kanyumba komweko. A Likongwe anaitanitsa mbewu za mipesa kangapo konse, chiperoni n'kuzipha zonse, mapeto ake ankamwa juwisi wa magalagadeya pakhonde n'kumamutcha vinyo wa ku Thyolo.

Masiku ano zinthu zinasintha. Kale wogula ankabwera ndi mapazi ake, ankagwira tsamba, ankalawa, ankaona ndi anthu okhala kuseri kwa nyumba, mwina n'kuseka nawo. Bwana wanga anagula chitunda chathunthu ali pasofa, atavala kabudula, osanunkhiza dothi lake. Anangoti khalas, zatha basi, n'kutsegula botolo. Wa jekete ankaloza foni kumene akufuna yekha. Koma ine maso anga sakhala pamene andiuza kuti ndiyang'ane. Pa ulendo womaliza woonetsa nyumbayo, foni ikutembenuka kuchoka pa migolo kupita kumunda, ndinaona pakona kanyumba kakang'ono, ndi chingwe chayanikidwa malaya a ntchito ndi timasokosi ta mwana. Ndinawafunsa madamu kuti anthu amenewo atsala kapena achoka. Anandiyang'ana modabwa n'kunena kuti, "Anthu ake ati?"