Chaka chimene tinagawana bwalo la mpira

Ndinaphunzitsa Jogalafe zaka zambiri pasukulu ina ya sekondale yoyendera ku Kawale, koma n'ochepa amene amakumbukira zimenezo. Ambiri amandidziwa kuti a Sipotsi. Dzinali linabwera chonchi: tsiku lina pamsonkhano wa aphunzitsi, ahedi anafunsa kuti ndani aziyang'anira zamasewero. Aliyense anawerama ngati wataya singano, ine ndinachedwa kuwerama, basi udindo n'kundigwera.

Sindinadandaule, popeza ntchito yeniyeni ankagwira ndi ena. Timu ina ya mu ligi yaikulu, ya kampani ina ya ku Kanengo, inkachitira pulakatisi pabwalo lathu masana alionse kupatula Lachitatu, lomwe linali tsiku la ana asukulu. Pangano linali lapakamwa chabe: ife tiziwalola, iwo azisamala bwalo. Ndipo ankasamaladi. Anazika magolo achitsulo, ankatchetcha udzu, ankathira laimu m'malaini. Mipira imene kwa iwo yatha, kwa ife inali yatsopano. Ana athu akaweruka ankakhala m'mphepete, zikwama zili pamiyendo, kuonerera anthu amene mayina awo amamveka pawailesi akukalipiridwa ngati ana a sitandade wanu. Ndiye Lachitatu likafika sindinkachita kuitana munthu. Anyamata ankalimbirana bwalo, atsikana ena ankathamanga mozungulira opanda nsapato, ena ankaponyerana mpira wamanja kufupi ndi mitengo ya keshya.

Kochi wa timuyo anali bambo wamfupi wa mawu osasa. Pulakatisi ikatha tinkakhala pabenchi, kugula chinangwa chophika kwa mayi wina wodutsa, n'kumakangana za mpira mpaka fumbi litakhazikika. Kunyumba kwanga ku Biwi kunalibe wondidikira. Mayi a kunyumba anali atatisiya, ana anali atakula n'kupita kwawo. Kunena zoona, kochi uja ndiye munthu yekhayo amene ndinkacheza naye zosakhudza mayeso.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina ali kutafuna chinangwa anangoti, "A Sipotsi, tikusamuka. Kampani yapita ku Blantyre, ndiye mabwana ati timu itsatire."

"Nanga anthu onse amene amakuchemererani kuno?"

"Ali ndi mawailesi," anatero, osandiyang'ana.

Loweruka lotsatira kunabwera lole kudzatenga katundu. Apa mpamene ndinalakwitsa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Anyamata a pa lole atayamba kukumba magolo, ine ndinavula jekete n'kugwira nawo pikisi. Ndinkati ndi ulemu, mlendo amaperekezedwa. Ndikanangotsegula pakamwa n'kupempha, mwina akanawasiya, pakuti ku Blantyre magolo sangasowe. Koma ndinachita manyazi kupempha, ndipo ndinakankha zitsulozo ndi manja angawa mpaka zitakwera. Lole itachoka panatsala maenje anayi.

Ndinapeza mitengo ya bulugamu n'kuimika m'maenjemo. Inakhala sabata imodzi. Ndinaimikanso ina, nayonso inayenda, ndipo ndikukhulupirira kuti inakathera pansi pa mphika wa nyemba kapena padenga la bafa la munthu. Kachitatu ndinaika miyala. Koma mwana wa sekondale sasewera mpira wa magolo a miyala, amati zimenezo n'za ku pulayimale. Ana anayamba kuchepa. Amene ankabwera chifukwa chofuna kuti kochi awaone anali oyamba kusiya. Kenaka ahedi anaika maphunziro apadera a Fomu 2 ndi Fomu 4 pa Lachitatu masana, ati nthawi ikungotayika. Otsalawo ankayima pang'ono, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuzemba mmodzimmodzi.

Bwalo likasowa mwini, njira zimamera zokha. Anthu ochokera kumsika anayamba kudutsa pakati, akabaza nawo chimodzimodzi. Bambo wina ankabwera Lamlungu kudzaphunzitsira mkazi wake galimoto, akukalipa mpaka agalu kuuwa. Ine ndinkatchetcha ndekha ndi chikwakwa. Laimu kunalibe, choncho ndinkapempha phulusa kwa anyamata okazinga tchipisi n'kumathira m'malaini, nditawerama ngati wofesa mpunga. Odutsa ankandipatsa moni wa chisoni uja amapatsa munthu amene mutu wayamba kusokonekera. Ndinkapsa mtima, koma chachikulu ndinali wosungulumwa. Benchi ija ndinasiya kukhalapo.

Pasukulu pathu, monga m'masukulu ambiri, malo aliwonse amene akungokhala, aphunzitsi amagawana kuti alime mvula isanagwe. Kuseri kwa zimbudzi ndi m'mbali mwa mpanda munali kale mizere ya anthu. Bwalo lokha ndilo palibe ankalitchula, chifukwa linali ndi timu. Chaka chimenecho, mwezi wa Okutobala, linatchulidwa pamsonkhano wa aphunzitsi.

Ahedi athu anali mayi wodekha, ndipo sindikufuna wina aganize kuti anali oipa mtima. Anati, "A Sipotsi, tikapanda kulima ife, alima anthu akunja. Ndipo munthu akabzala kamodzi, kumuchotsa ndi milandu."

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandikwiyitsa kwambiri. Ndinaimirira n'kulankhula nthawi yaitali. Ndinati sukulu yopanda bwalo ndi khola. Ndinati ana ena mutu wawo uli m'miyendo, tikawatsekera pamenepo tawatsekera zonse. Aphunzitsi ena ankangoseweretsa mafoni. Mphunzitsi wina wachinyamata wa Masamu ndiye anati, "Madala, mpira sitidya." Chipinda chonse chinaseka, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Anayeza bwalolo ndi chingwe Lachisanu masana. Itafika nthawi yosankha, ndinati gawo langa likhale la pakati penipeni. Anasekanso, ati a Sipotsi asankha pouma, pamene pakhala pakupondedwa zaka zonsezi. Sindinawauze maganizo anga. Ndinkati ndikapanda kulimapo, kachigawo kameneko kakhalabe bwalo, ndipo tsiku lina tidzayambira pomwepo kulibweza lonse.

Mvula inagwa, chimanga chinamera mbali zonse zinayi. Changa chinali kabwalo ka udzu, kosakwana ngakhale anthu asanu mbali iliyonse, koma kotchetcha bwino kuposa kapinga wa ku ofesi. M'kalasi iliyonse ndinkalengeza kuti masewero a Lachitatu alipo monga kale. Ana ankavomera mwaulemu, osabwera. Sindiwaimba mlandu. Kuti ufike pamalopo unkayenera kudutsa m'munda wa ahedi, ndipo mpira ukangothawa pang'ono unali kukathyola chimanga cha munthu amene mawa adzachonge pepala lako.

Ine ndinkapitabe. Ndinkatenga mpira umodzi umene unatsala, n'kukhala nawo pakati pa kabwaloko kuyambira thuwu koloko mpaka folo. Chimanga chitafika m'mapewa, sindinkaonanso munthu. Ndinkangomva Kawale ali kuseri: mahutala a minibasi, chigayo, wogulitsa makala akuitana. Nthawi zina ndinkaganiza zomuimbira kochi uja, koma ndikanamuuza chiyani? Ndinamva mawu ake kamodzi pawailesi akudandaula za oyimbira masewero, ndipo ndinaseka ndekha m'nyumba ngati ali pomwepo.

Lachitatu lina mu Januwale, nditakhala choncho, ndinamva mawu a ana ambiri akubwera m'chimanga, akuseka, akukankhana. Ndinaimirira msanga, n'kupukuta mpira ndi mpango. Ndinayamba kale kuwagawa matimu m'mutu.

Anatulukira ali ndi makasu. Ena anasenza mitolo ya mbewu ya mbatata. Anali ana ochedwa kubwera m'mawa, amene chilango chawo chinali kugwira ntchito m'munda wa sukulu. Atandiona anasiya kuseka. Patsogolo panali mtsikana wina wa Fomu 3 amene kale ankasiya anzake onse pothamanga, ngakhale anyamata ena. Anatsitsa khasu, anayang'ana pansi.

"Sala, ahedi ati malo ano asagone. Ati tiunde mizere ya mbatata, ndi ya sukulu."

Palibe anali atandiuza. Ndikanatha kuwabweza, ndipo ndikudziwa kuti akanabwerera mosangalala. Ndikanapita ku ofesi kukamenya tebulo. Koma ndinawayang'ana anawo, oposa makumi awiri, ndipo panalibe ngakhale mmodzi amene anaponya diso pa mpira umene unali m'khwapa mwanga. Ankangofuna amalize chilango apite kwawo mvula isanayambe. Apo ndinadziwa kuti kabwaloko ndinkasungira ine ndekha.

"Tiyambire pati, sala?" anafunsa mtsikanayo.

Ndinawauza kuti ayambire chakumadzulo, kumene madzi amakhazikika, chifukwa pakati penipeni mpouma kwambiri ndipo akanathyola mipini. Bwalo limenelo palibe ankalidziwa kuposa ine. Ndinaima pambali mpaka khasu loyamba litalowa, kenaka ndinapatuka n'kulowa m'chimanga kuti ana asaone nkhope yanga.