Chilimwe cha ku Loji ya Amalume

Simbi ya makala ija inali yolemera moti ndinkainyamula ndi manja awiri. Pamwamba pake panali katambala kachitsulo kotsekera chivindikiro, ndipo chogwirira chake chinali chitapsa mbali imodzi. Amayi ankaipukusa m'mwamba kuti makala akolere, phulusa n'kumauluka, kenako n'kuitsetsereza pa nsalu zoyera za pabedi. Mpaka lero ndikamva fungo la nsalu yonyowa ikakumana ndi chitsulo chamoto, ndimadziona ndili kuseri kwa loji ya amalume ku Mchinji Boma, kamtsikana ka zaka khumi.

Tinapita kumeneko mu Meyi, titangomaliza kukolola kwathu kwa Kapondo. Bambo anali atamwalira dzinja la chaka chomwecho. Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anali mwini mbumba, ndiye atabwera pa njinga yamoto kudzanena kuti akufuna munthu wawowawo pa loji, panalibe zokambirana zambiri. Lojiyo inali yaing'ono, zipinda zisanu ndi zitatu m'mbali mwa msewu wopita kumalire a Zambia. M'dzinja pamalopo pankakhala zii. Koma chilimwe chikafika pankadzaza ogula mtedza ndi soya, madalaivala a mathiraki, amalonda ochokera ku Chipata. Loweruka kunkabwera anthu a ku Lilongwe odzapumula ndi kukwera mapiri, komanso a maukwati ofuna kujambulitsa pa kapinga.

Chimene chinkawasautsa amalume chinali antchito. Wophika anachoka mu Juni osatsanzika, tinangomva kuti ali ku Chipata. Mtsikana wokonza m'zipinda anakwatiwa. Mlonda ankatha kusowa masiku awiri, n'kubwera ndi nkhani ya maliro, chonsecho anali kumanga fodya wake. "Munthu umamuphunzitsa kuyala bedi lero, mawa akukayala kwa mnzako," ankatero amalume. Aliyense akachoka, ntchito yake inkagwera amayi. Ankaphika, kuchapa, kusita, kuphunzitsa atsopano kapindidwe ka thawulo ndi kalankhulidwe ndi alendo. Madzi a m'mawa wa Juni ndi sopo zinawang'amba zala mpaka ankamanga tinsanza.

Lero ndili ndi lesitilanti yangayanga, ya antchito atatu, ndipo kuwawa kotaya munthu pakati pa nyengo ya malonda ndikukudziwa. Pa zimenezo amalume sindiwaweruza.

Ine chilimwe chimenecho ndinachikonda. Ndinkadya nyama yotsala kwa alendo, ndinkasamba madzi a pampopi. Anandilembetsa Sitandade 4 pa sukulu ya pafupi, ndipo aphunzitsi ankanyamula kope langa kuonetsa kalasi yonse kuti kulemba kwabwino ndi kumeneku.

Mu Ogasiti kunali ukwati waukulu. Mmodzi mwa alendo anali mayi wina wachikulire amene ankayang'anira nyumba ya alendo ya ku mishoni. Atatha kudya anazungulira kuseri, anawapeza amayi akutsuka miphika, n'kukhala nawo pa benchi. Ine ndinali pomwepo ndikupukuta masipuni. Anati akufuna munthu ngati iwo, ntchito ya chaka chonse, ndi kanyumba ka zipinda ziwiri. "Ganizirani, mundiyankhe sabata ya mawa."

Amayi sanabise. Anakagwada pakhomo la ofesi n'kuwauza amalume zonse. Ndikukumbukira amalume atavula magalasi, n'kukhala kanthawi akuyang'ana pansi.

"Achemwali, inunso mundithawe? Maukwati a Seputembala ndi Okutobala ndichita nawo bwanji?"

"Sikuthawa ayi, achimwene. Ndikuganizira mwanayu. Mvula ikagwa tidzalowera kuti?"

"Mvula ikagwa ena onse adzapita, inu ayi. Pano ndi panu. Kodi ndingataye magazi anga?"

Amayi anafunsa za munda wathu, poti nthawi yososa inali itayandikira. Amalume anati munda ubwereketsedwe kwa msuweni wawo, palibe chifukwa choti amayi azigawika pawiri. Uthenga unapitadi kumudzi sabata yomweyo.

Kenako amalume anaitana ine kuti ndilembe kalata yoyankha mayi wa ku mishoni uja. Amayi sankatha kulemba bwino, ndiye anandipatsa pepala loyera la mu ofesi ndi bolopeni yawo. Amalume ankanena mawu, ine n'kumalemba: kuti amayi akuthokoza, koma sangathe kusiya mlongo wawo amene wawalonjeza malo okhazikika. Ndinalemba pang'onopang'ono, lilime lili panja, kuopa kudetsa pepala. Amalume anawerenga n'kundisisita pamutu. Kalatayo ndinakapereka ndekha pochokera kusukulu, ndikuyenda monyada ngati mesenjala wa kwa DC. Zaka zonsezi ndalemba makalata ambiri, koma imeneyo ndiyo imandibwerera.

Seputembala ndi Okutobala zinadutsa ngati utsi. Kunkatentha moti malata ankalira masana. Amayi anaonda, koma ankaimba nyimbo za kwaya uku akusita. Anadzala mpiru ndi tomato kuseri kwa khitchini, chizindikiro cha munthu amene wafika. Mlonda uja anawaona akuthirira tsiku lina, n'kunena kuti, "Mayi, ine pano chino n'chaka chachinayi. Ndiwo zimenezo adzadya ndi ena." Amayi anangoseka, n'kumuuza kuti iye si m'bale.

Mvula yoyamba inagwa chakumapeto kwa Novembala. Fumbi linanunkhira, ngumbi zinatuluka, ndipo alendo anatha ngati wina watseka mpopi. Panapita masiku anayi popanda galimoto kulowa pageti. Lolemba m'mawa amalume anasonkhanitsa antchito pansi pa mtengo wa mango n'kuwauza kuti nyengo yatha, adzaonana mu Meyi. Palibe anadabwa. Ambiri anali atalima kale kwawo, makasu akuwadikira. Amayi anaima pambali, ndipo anathandiza atsikana awiri kumanga katundu wawo, n'kuwapatsa kamba wa panjira.

Amayi anaitanidwa ku ofesi masana. Chitseko cha ofesi chinali chotsegula, ndipo ine ndinali pakhonde ndikusenda chinangwa.

"Achemwali, zinthu sizili bwino. Mwaona nokha. Ntchito yatsalayi alamu anu aikwanitsa."

Kenako ndinamva mawu a amayi.

"Munda munati ndibwereketse."

"Ndi chaka chimodzi chokha. Abale alipo, sangakusiyeni ndi njala. Meyi si kutali."

"Munati pano ndi panga."

"Pa nthawi imene ija ndikanati chiyani?"

Mawu amenewo sindinawamvetse tsikulo, koma ndinawasunga. Ndinadzawamvetsa nditakula, akazi awo a amalume atandiuza mosaganiza n'komwe kuti lojiyo sinasungepo wantchito m'dzinja chiyambire. Amalume sanasinthe maganizo chifukwa cha kusowa kwa alendo. Ankadziwa mu Ogasiti muja, pamene ankandiuza zolemba. Ankafuna manja a amayi kwa miyezi itatu, ndipo anawagula ndi mawu. N'chifukwa chake aliyense amene ndimamulemba ntchito ndimamuuza tsiku loyamba mwezi umene idzathe. Ena amandithawa nyengo isanathe, ndimavutika, koma ndimalolera.

Mawa lake atachotsedwa ntchito, amayi anavala chitenje chawo cha kutchalitchi n'kupita ku mishoni. Anabwerako dzuwa lili pamutu, nsapato zili m'manja chifukwa cha matope. Malo aja anali atapatsidwa munthu wina kalekale. Titabwerera kwa Kapondo tinakapeza chimanga cha msuweni chitamera m'munda mwathu, mizere yowongoka bwino. Dzinja limenelo amayi anagwira ganyu pa esiteti ya fodya, ndipo ine sukulu ndinaiyambanso patapita chaka.

Koma tsiku lonyamuka pa loji za kumudzizi zinali zisanachitike. Tinaima pageti ndi thumba limodzi ndi ndowa. Amalume anatuluka atanyamula jumbo, n'kundipatsa. Munali nsapato zapulasitiki zofiira, zatsopano, zonunkhira sitolo. Ndinali ndisanakhalepo ndi nsapato zoti sanayambe wavalapo munthu wina. Ndinagwada pamiyala yonyowa ija, manja pamodzi, monga amayi anandiphunzitsira kuyambira ndili wakhanda, n'kuyamba kuthokoza.

Ndisanamalize, amayi anandigwira pamkono n'kundidzutsa mwamphamvu mpaka ndinamva kuwawa paphewa.

"Dzuka. Tiye."

Sanatsanzike, sanacheuke. Amalume anatsala ataima, dzanja lili m'mwamba.

M'galimoto ya matola ndinakhala chofulatira, jumbo yanga nditaikumbatira, osawalankhula amayi njira yonse. Ndinkachita manyazi m'malo mwawo. Munthu watisunga miyezi isanu ndi iwiri, watidyetsa nyama, wandigulira nsapato, iwo n'kuchoka ngati achoka pa mdani. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndikadzakumananso ndi amalume ndidzawapepesera, ndidzawauza kuti amayi anali atangotopa.