Chipewa cha Amalume pa Bonanza

Ine kwathu ndi ku Vubwi, kumene mbuzi ikasochera umakaifunsa m'mayiko atatu. Kuno kufupi ndi Katete ndinabwera chikamwini, ndipo kagolosale kanga ka m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Sinda ndinakamanga pamalo a amalume a mkazi wanga. Sitinalemberane chilichonse. Iwo anangoloza ndi ndodo kuyambira pamtengo wa mango kukafika pachulu, n'kunena kuti, "Mangani apa, akamwini, tisamavutike kupita kutali kukagula sopo." Ndinawomba m'manja, ndinamanga. Koma mumtima ndinkadziwa, monga mkamwini aliyense amadziwira, kuti tsiku limene ndidzawalakwire adzangoloza njira ya ku Vubwi ndi ndodo yomweyo.

Amalumewo ndinkawakonda, ndipo ndimawakondabe. Ndi mlimi wa thonje, wamfupi, wa mawu aakulu oti akamanong'oneza agalu a kutsidya kwa msewu amadzuka. Mwana wathu woyamba atabadwa anabwera ndi mbuzi atainyamula okha panjinga. Pamutu pawo sipachoka chipewa chakhonde chofiirira, chimene mkazi wanga amati anachipeza chili chakale iye akubadwa.

Bonanza, makina a juga oponyamo makoini, inafika chaka china chilimwe. Anthu a makinawo anabwera pagalimoto, akumaika imodzi imodzi m'mashopu a m'mbali mwa msewu. Anati iwo azibwera ndi kiyi kudzatsegula, n'kumandisiyira gawo langa. Ndinavomera chifukwa munthu amene waima pakhonde pako nthawi yaitali amamva ludzu, ndipo zakumwa ndimagulitsa ndine. Mkazi wanga anavomera pamfundo imodzi, yakuti mwana wasukulu asadzaikhudze, ndipo anaisunga mfundoyo ndi tsache m'manja. Ineyo ndinasewerapo sabata yoyamba yokha. Sindinaleke chifukwa cha nzeru ayi, ndine woumira basi, ndipo kuona koini yanga ikulowa m'kabowo osabwerera kunkandipweteka.

Kwa amene sanaionepo, bonanza ndi bokosi lalitali kufika m'chifuwa, lokhala ndi zithunzi za zipatso ndi mabelu. Umaponya koini, n'kudina batani la chithunzi chimene wasankha, kenako kanyali kamazungulira kakuimba. Kakaima pa chithunzi chako, makoini amagwera m'kambale ka pansi. Kakaima pena, umayang'ana kumwamba n'kupisanso m'thumba.

Anthu a pakhonde panga ankakhulupirira kuti bonanza ili ndi mimba. Ankati ikadya kwambiri imakhuta, ndipo ikakhuta imasanza. Choncho munthu amene waidyetsa kuyambira m'mawa sankafuna kuchokapo, kuopa kuti wina angabwere kudzakolola. Koma munthu ndi munthu, amafuna kupita kuseri, kapena foni imalira. Titaona ndewu ziwiri, imodzi mpaka dzino kugwa, tinagwirizana lamulo: ukachoka pang'ono, siya chinthu chako pamwamba pa makina. Wina ankasiya chipewa, wina loko ya njinga, wina patapata imodzi n'kupita kuseri akudumphira mwendo umodzi. Chinthu chikakhala pamwamba, palibe woponyamo koini. Pakakhala palibe, makina ndi a aliyense. Woweruza anali ine, popeza khondelo ndi langa.

Masana amenewo ndinkawakonda kwabasi. Ndinkakhala kuseri kwa kauntala, wailesi ikulira pang'onopang'ono, n'kumamvetsera amuna akuluakulu akunyengerera bokosi ngati akufunsira mbeta. Akaluza ankatembenukira kwa ine. "Iwe mkamwini, wasintha setting usiku!" Ndinkatuluka, kukokera makina kutsogolo, kuwaonetsa kuti kumbuyo kuli waya wamagetsi ndi ukonde wa kangaude basi. Ankaseka, kugula chakumwa, mawa n'kubweranso. Eni makina sankawakhulupirira ngakhale pang'ono, koma ine ankandikhulupirira, ndipo ndinkanyadira zimenezo kuposa gawo limene ndinkalandira.

Tsiku la chipewa linali la mu Ogasiti, sabata ya mwambo wa Kulamba, msewu utadzaza magalimoto opita ku Mkaika. Thonje anali atagulitsa, m'matumba mwa anthu munali kanthu. Amalume anabwera pangolo, anamangirira ng'ombe zawo pamtengo wa mango, n'kuima pa bonanza. Inawadya tsiku limenelo, inawadya mopanda chisoni. Iwo ankangoti, "Idya, idya mwanawe, usanza pompano." Dzuwa litapendeka, lole ina inaliza hutala pafupi, ng'ombe zinadzidzimuka, chingwe chinaduka, ngolo inayamba ulendo wolowera kudambo yopanda mwini. Amalume anavula chipewa, anachiika pamwamba pa makina, n'kuliyatsa liwiro. Amuna onse a pakhonde anawatsatira, ena kukathandiza, ambiri kukaseka.

Mphepo ya mu Ogasiti mukuidziwa. Kamvuluvulu anadutsa pakhonde ndi mapepala ndi fumbi, ananyamula chipewa chija n'kukachiponya m'ngalande kuseri kwa benchi. Izi ndinazidziwa pambuyo pake, chifukwa nthawi imeneyo ndinali m'kati ndikugulitsa. Amene ndinkawagulitsa anali mayi wina wachilendo amene anatsika m'minibasi pamene woyendetsa ankathira madzi mu injini. Anali ndi beseni la zitumbuwa zokagulitsa ku Mkaika, mwana kumbuyo. Anagula madzi akumwa, ndinawabwezera koini imodzi, anatuluka.

Kenako ndinamva phokoso limene ndinali ndisanalimvepo chibwerere makinawo. Kanyimbo kanasintha, ndipo makoini anayamba kugwa ngati matalala pamalata. Anadzaza kambale, anasefukira pasimenti, ena akugubuduka mpaka pamsewu. Nditatuluka ndinapeza mayi aja atagwira pakamwa, akubwerera m'mbuyo.

"Abambo, pepani, ndawononga makina anu," anatero. "Ndangoponyamo chenji chija kuti mwana aone magetsi."

Ndisanawayankhe, gulu lija linafika likukoka ng'ombe. Amalume anali patsogolo, thukuta lili chuchuchu, mutu uli mbee popanda chipewa. Anaona makoini pansi ndipo nkhope yawo inawala.

"Yasanza! Ndinanena ine! Akamwini, bweretsani thumba."

"Apongozi," ndinatero, "aponya ndi amayiwa."

"Aponya bwanji pali chipewa changa?"

Onse anayang'ana pamwamba pa makina. Panalibe kanthu koma fumbi. Wina anachiona m'ngalande, anachitola, anachikuntha pabondo n'kuwapatsa.

Pamenepo mlandu unabuka. Wokonza njinga wa pafupi nane, amene amalankhula za m'tauni, anati, "Manje apa palibe nkhani, boss. Mudala ndiye wadyetsa machine kuchoka kuseni. Tonse tinaona hat." Ena anavomereza kuti amalume ndiwo anadyetsa makina kuyambira m'mawa. Wina wachifundo anati agawane pakati, koma amalume anakana mokweza kuti munthu sagawana ndi wodutsa zimene walima yekha. Minibasi inayamba kuliza hutala. Mayi aja anayang'ana amuna onsewo atawazungulira, anamangitsa nsalu ya mwana, anasenza beseni lawo.

"Tengani zonse, abambo," anatero motsitsa mawu. "Ine sindifuna milandu kwa eni ake."

Mawu amenewo ndi amene anandikwiyitsa. Akanakhala kuti anakangana, mwina ndikanapeza pobisala, n'kunena kuti gwirizanani nokha. Koma mayiwo ankasiya chifukwa cha mantha chabe, pakhonde langa, pamaso panga, pamene lamulo limene tinapanga tokha linali kumbali yawo. Nanenso ndinali mlendo m'mudzi muno, ndipo ndinkadziwa mmene munthu amachepera akazunguliridwa ndi eni dziko.

Maso onse anali pa ine. Ndinanjuta pansi monga mkamwini amachitira, ndinawomba m'manja, n'kuyamba.

"Apongozi, chipewa munaikadi, palibe akukana. Akanaponya mmodzi wa awa amene anakuonani mukuika, ndikanati wakuberani. Koma amayiwa afika pamwamba palibe kanthu. Lamulo lathu timati chimene chili pamwamba. Chipewa chinali m'ngalande."

"Ndiye pano akulamula ndi mphepo?"

"Ayi, apongozi. Koma amayiwa sanatume mphepo."

Wina anaseka n'kudzigwira msanga. Amalume anavala chipewa chawo pang'onopang'ono, anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Akamwini, pamene mwanjutapo mukudziwa kuti ndi pa yani?"

"Ndi panu, apongozi."

"Chabwino."

Anakwera ngolo yawo n'kupita. Ine ndinatola makoini aja, ndinawaika m'pepala la pulasitiki, ndinawapatsa mayi aja. Anakana kawiri, kachitatu analandira, ndipo asanathamangire minibasi anasiya zitumbuwa zodzaza manja awiri pabenchi. Amuna aja anazipenya mokwiya ngati ndi zimene zalakwa. Patapita kanthawi wokonza njinga anatolapo chimodzi, ndipo posakhalitsa panatsala mafuta okha pabenchipo.

Mkazi wanga anamva nkhaniyi ndisanafike kunyumba. Anandiyang'ana, anapukusa mutu. "Mwachita bwino, inu abambo," anatero, "koma bwenzi mutadwala mutu tsiku la lero n'kutseka shopu."

Amalume analeka kubwera. Zogula zawo ankapalasira njinga mpaka ku Katete, ndipo podutsa ankayenda tsidya lina la msewu, nkhope atalozetsa kumapiri. Ndikawapatsa moni ankayankha njingayo ili kale patali. Ndinatumiza tambala kudzera kwa mkazi wanga, tambalayo anabwerera madzulo omwewo ali wamoyo, atamangidwa miyendo ndi luzi latsopano. Ndinachita mantha enieni. Ndinkati ndikamasesa m'shopu ndinkayang'ana kudenga, n'kumaganiza mmene ndingazulire malata osawapinda, ndiponso ngati mkazi wanga angavomere kukakhala ku Vubwi, kumene sadziwa munthu. Makasitomala sanachepe, mwina anachuluka kumene, koma zimenezo sizinanditonthoze. Khonde linali zii popanda mawu aakulu aja.

Miyezi inapita choncho mpaka mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana. Nthawi imeneyo m'banja la mkazi wanga munali mkangano wa dimba la kumtsinje, limene anasiya malemu amayi ake aakulu. Ana aakazi a malemuwo ndi azisuweni awo ankalimbirana mbali yonyowa, ndipo nkhani inafika poti ena sankapatsana moto. Amalume, monga mwini mbumba, anaitanitsa onse kudimba komweko m'mawa wina. Pa misonkhano yotere ntchito ya mkamwini ndi kunyamula mipando, akatero amakakhala patali n'kumasema kamtengo. Ndinanyamula mipando, ndinakakhala pansi pa nthochi.

Anakangana mpaka dzuwa kutentha. Aliyense amene ankatchulidwa kuti agwire chingwe choyezera, wina ankati ameneyo akondera mlongo wake. Kenako ndinamva mawu aja amene ndinawasowa nthawi yonseyi.

"Akamwini! Tabwerani kuno."

Ndinati basi, asankha kundithamangitsa pagulu kuti asadzabwereze kawiri. Ndinapita, ndinanjuta.

Amalume anayang'ana mbumba yawo, osati ine. "Ndalama zija zinali zanga," anatero. "Ndidzafa ndikunena choncho. Makina ndinadyetsa ndine." Anakhosomola. "Koma munthu uyu anandimana ine, ataima pamalo anga, chifukwa cha mayi amene sakumudziwa ndi dzina lomwe. Ndiye ndani wa inu angamugule? Tengani chingwe, akamwini, mutigawire dimbali."

Kenako msuweni wina wa mkazi wanga, mayi wolusa pakamwa, anati, "Koma amalume, mkamwini angagawe bwanji nthaka ya eni? Ameneyu si wa pano. Kwawo ndi ku Vubwi."

"Si wa pano?" Amalume anamenya ndodo pansi. "Ameneyu tidzamuika pano pomwe, kumanda kwathu, pafupi ndi ine. A ku Vubwi akadzabwera ndi galimoto kudzatenga maliro ake, mudzawauze kuti ndinakana."

Anthu anaseka, mkazi wanga anabisa nkhope m'nsalu. Ine ndinalandira chingwe ndi manja awiri, misozi ili m'maso, n'kulowa m'matope a dimba. Chibadwire sindinasangalalepo chotero pouzidwa kumene ndidzaikidwe.